Chikwangwani Chozondoka

Mumsewu wonse wa amisiri uja, kuyambira kwa owotcherera zitsulo mpaka kukafika kwa okonza mafiriji, panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni akazi awo a Penta. Aliyense ankangoti Mayi Sefa. Dzinali anawapatsa ndi amuna awo omwe, ati chifukwa chilembo cholakwika chikafika pamaso pawo sichidutsa, chimatsalira pamwamba ngati kamwala mu ufa.

A Penta ntchito yawo inali yolemba zikwangwani. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi kotentha, kodzaza matabwa, zidutswa za malata ndi zitini za penti, ndipo mabulashi ankagona m'chigubu chodula pakati, muli parafini. Dzanja anali nalo bambo amenewa, zimenezo tisakangane. Ankatha kukoka mzere wowongoka popanda rula, uku akukamba nkhani ndi munthu wodutsa panja. Koma Chingerezi, abale, n'chinenero chopanda chisoni. Mawu amveka mwina, kalembedwe kake mwina, ndipo zilembo zina zimangokhalamo osagwira ntchito ngati achibale obwera kudzacheza. Olemba zikwangwani ambiri chinawachititsa manyazi. A Penta chinali chisanawachititsepo, ndipo chifukwa chake chinali Mayi Sefa.

Tsono chodabwitsa n'chakuti Mayi Sefa sankadziwa kuwerenga. Sukulu anangoilawa, bambo awo atamwalira n'kuisiya kuti akalere ang'ono awo. Zilembo ankazidziwa mmene munthu amadziwira katundu wa m'nyumba mwake, chilichonse ndi dzina lake. O anali dzira, E chipeso, S njoka, T nyundo, C mwezi, M mapiri, L jombo. B ankamutcha mayi wa mapasa.

Kasitomala akabweretsa mawu ake papepala, a Penta ankayamba awalemba ndi choko pathabwa. Akatha ankapukuta manja pathalauza n'kuitana kuti, "Mayi, tasefani." Mayi Sefa ankabwera, pepala kumanzere, kamtengo kovundulira penti kumanja, n'kuyamba kufananiza chimodzichimodzi. Dzira kuno, dzira uko. Njoka kuno, njoka uko. Sankathamanga, poti analibe kothamangira: mawuwo sankawauza kanthu. Akanena kuti "pakani", ndiye penti ikhudze thabwa.

"Munthu wodziwa kuwerenga saona zilembo, amaona mawu," ankadzitama motero a Penta kwa makasitomala. "Diso lake ndi minibasi yodzaza, siliima pasiteji. Mayiwa ndiye amaima paliponse."

Mayi Sefa ankangosekerera. Zinali zoona, ndipo iwo eni ankadziwa kuti ntchito yawo amaitha.

Koma sefa yomweyo inagwira chinthu china chomwe sichinali pathabwa. Maso a amuna awo anali akupita. Zinayamba pang'onopang'ono. Pepala linayamba kugwiridwa patali, mkono wonse utatambasulidwa. Kenaka anayamba kutuluka nalo panja, ati m'shopu muli mdima. Kenaka olakwa anakhala makasitomala, ati masiku ano anthu amalemba ngati nkhuku yapalasa. M'diso lakumanzere munali kamtambo koyera, kakang'ono ngati dontho la mkaka. Mayi Sefa atangotchula za magalasi, a Penta anakwiya tsiku lonse, ati magalasi ndi a nkhalamba, iwo amaona ntchentche ili padenga la tsidya la msewu.

Chomwe chinawapweteka mtima kwambiri ndi nkhani ya foni. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali, ndipo ana a masiku ano kuimba foni amakuona ngati chilango, amangolemba. Kale uthenga ukabwera a Penta ankauwerenga wonse mokweza, kuikamo ndi mawu a mwanayo, mpaka Mayi Sefa kugwira nthiti. Tsopano ankayang'ana foni nthawi yaitali n'kunena kuti, "Akuti ali bwino. Apereka moni." Tsiku lina, "Akuti ali bwino." Mayi Sefa ankasuzumira n'kuona mizere yodzaza foni yonse. Kusadziwa kuwerenga si kupusa ayi. "Ndili bwino" sangadzaze foni.

Anaganiza kuti: nyumba ino ili ndi maso awiri owerenga, ndipo onsewo ali pamutu umodzi. Akazima, mankhwala adzatiwerengera ndani? Mwana wathu tidzamumva bwanji? Shopu idzadya chiyani? Sanawauze amuna awo zimenezi, chifukwa mwamuna ukamuuza kuti wafooka amayamba kunyamula miyala kuti akutsutse. Anangolengeza m'mawa wina kuti alembetsa sukulu ya akuluakulu, yophunzitsa kuwerenga ndi Chingerezi, yomwe inkakumana masana ana akaweruka.

"Kukalamba konseku?" anatero a Penta. "Tikugulireni ndi yunifolomu?"

"Gulani ndi masokosi omwe," anayankha Mayi Sefa, akunola pensulo.

Sukuluyo inawakomera. Ankakhala pamadesiki a ana, maondo akugunda thabwa, limodzi ndi amayi amumsika ndi mlonda wina wokalamba yemwe ankasinza akangogwira buku. Aphunzitsi anali mtsikana woti akanakhala mwana wawo, woleza mtima, ndipo ankadabwa ndi mmene Mayi Sefa ankagwirira zinthu. Nanga akanalephera bwanji? Zilembo anali atakhala nazo zaka zonsezi, kunangotsala kuti ziyambe kulankhula. Zitayamba kulankhula sizinasiye. Msewu wonse unasanduka phokoso. Ankayenda milomo ikugwedera, akuwerenga makoma, mabasi, mapaketi a sopo, ngakhale malaya a anthu. Zikwangwani zomwe anazisefa okha zaka zapitazo zinayamba kuwapatsa moni.

Ndiye kunabwera a Makiyi. Amenewa anali mwini nyumba ya alendo kuseri kwa depoti, bambo wamimba, woyenda ndi chimpukutu cha makiyi m'chiuno, moti ankamveka asanaoneke. Ankafuna chikwangwani chachikulu ngati chitseko, cha mawu awiri, ACCOMMODATION AVAILABLE, ndi nambala ya foni pansi pake. Mawuwo anabwera nawo atatayipidwa pakapepala, tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere.

A Penta analemba ndi choko, n'kuitana. Mayi Sefa anaimirira patsogolo pa thabwa, ndipo asananyamule n'komwe kamtengo kawo, mawu oyambawo anawalumphira. Sabata yomweyo aphunzitsi anali atawaphunzitsa mawu othera "shoni".

"A-ko-mo-de-shoni," anatero pang'onopang'ono. "Akomodeshoni. Bambo, amenewa si malo ogona?"

"Ndi omwewo," anatero a Penta, ndipo nawonso anamwetulira.

Mtima wa Mayi Sefa unadzaza. Mawu aatali chonchi, a Chingerezi chenicheni, awawerenga okha! Anawabwereza kawiri, anamveka bwino kawiri konse. Anayang'ana papepala, nawonso anamveka chimodzimodzi. "Pakani," anatero.

Sipanadutse sabata, makiyi anamveka kunja. Chikwangwani chinabwerera pamsana pa galimoto, mwini wake ali pambuyo, nkhope ili gwa.

"Ndinabwera kuno chifukwa anthu amati pano salakwitsa," anatero a Makiyi, mokweza kuti owotcherera amve. "Mlendo wina wajambula chikwangwanichi, ndipo chithunzi chikuyenda pamafoni. Akuti nyumba yomwe yabedwa chilembo pakhomo, katundu wa mlendo angagonemo bwanji? M akhale awiri apa, awiri! Mwandiikira mmodzi. Ndichipeze mawa madzulo chili bwino, apo ayi ndipita kwa anyamata a makompyuta aja, ndipo aliyense ndimuuza chifukwa chake."

Atachoka, Mayi Sefa anatenga kapepala kaja pamsomali. Mapiri awiri papepala, phiri limodzi pathabwa. Chinthu choti kale akanachiona ali pakhomo. Manyazi anawagwira mpaka m'mapazi, ndipo sanafune kudzinamiza: wolakwa anali iwo. Khutu linamva mawu abwino, diso n'kupita kukapuma.

"Mwaona sukulu yanu?" anatero a Penta. Sanakuwe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinaopsa. "Ndinali ndi sefa, tsopano ndili ndi minibasi. Zaka zonsezi osachita manyazi, lero ndasekedwa ndi tauni yonse chifukwa nkhalamba ikufuna kumatchula shoni. Musankhe, mayi. Sukulu kapena shopu."

Mayi Sefa anawayang'ana amuna awo, anayang'ana kamtambo kaja m'diso. Pakamwa panayabwa kuti afunse kuti, nanga phirilo analitaya ndani poyamba? Koma anameza. Mawu ena ukawatulutsa utakwiya sabwereranso.

"Ndalakwa ndine, sindikukana," anatero. "Koma sukulu sindisiya, ndipo shopu sindisiya."

"Zonse ziwiri sizingatheke."

"Muziona."

Anatenga thumba lawo la mabuku n'kutuluka, msana uli chilili. Koma tinene zoona, panjira miyendo inkalemera. Kudziwa kuwerenga sikubwezedwa ngati nsapato yothina. Ngakhale akanasiya sukulu tsiku lomwelo, mawu sakanasiya kulankhula. Sefa yakale ija inali itabooka, ndipo yatsopano anali asanaipeze. Zinawadetsa nkhawa ndithu.

M'kalasi tsiku limenelo madesiki anali atawayang'anitsana awiriawiri, ndipo Mayi Sefa anakhala moyang'anana ndi mlonda wosinza uja. Aphunzitsi analemba chiganizo pabolodi kuti onse akopere. Mayi Sefa anamaliza msanga, n'kumangoyang'ana buku la mlondayo, lomwe kwa iwo linali mozondoka. Anayesa kuwerenga, osatheka. Mawu anali zii. Panalibe chomwe chinkalankhula, panali katundu yekhayekha: mazira, njoka, nyundo zoimika miyendo m'mwamba. Anazondotsa buku lawo, n'kuliika pambali pa la mlonda, n'kuyamba kuyendetsa chala.

"Achimwene," anatero, akumugwedeza, "mwasiya chipeso apa."

Mlonda anadzidzimuka, anayang'ana pansi pa desiki. Mayi Sefa anaseka mpaka aphunzitsi anatembenuka. Sankaseka mlonda ayi. Ankaseka kuti chinthu chomwe chinawalemetsa miyendo njira yonse chinali chopepuka chonchi.

M'mawa mwake anapeza a Penta atafufuta kale thabwa lija ndi penti yoyera, yauma, ndipo alembanso ndi choko. Sanaitane. Anali akuvundula penti yofiira, nkhope kumbali, ngati m'shopumo mulibe munthu wina.

"Bambo, tagwirani uko titembenuze thabwali."

"Ndasefa ndekha. M ali awiri, ndawawerenga."

"Tagwirani."

"Mukufuna kulitani?"

Mayi Sefa sanadikire. Anamanga nsalu m'chiuno, anakumbatira thabwa lija, n'kuliyendetsa pangodya zake, gu, gu, mpaka linaima mutu pansi, litatsamira khoma. Kenaka anatenga kapepala, nako n'kukazondotsa. A Penta anasiya kuvundula.

"Tsopano sukulu ija yafika kumutu," anatero.

"Khalani chete, ndili pantchito."

Mawu onse anatseka pakamwa. Mayi Sefa anamva mtima ukukhazikika, ngati munthu wabwerera m'khitchini mwake atakhalitsa kwa eni. Kamtengo kanayamba kuyenda. Mwezi kuno, mwezi uko. Wina kuno, wina uko. Mapiri awiri, ali bwino. Anadutsa mawu oyamba onse osapeza kanthu. Pa mawu achiwiri kamtengo kanaima.

"Papepala pali majombo awiri. Pathabwa pali imodzi. Pambuyo pa mayi wa mapasa palibe jombo."

A Penta anabwera pafupi, anapendeketsa mutu, n'kuyang'anitsitsa. Mayi Sefa anapitiriza mpaka pa nambala ya foni. Kamtengo kanaimanso.

"Apa pepala likuti 3. Inu mwalemba 8."

Chilembo munthu akhoza kuchiiwala, Chingerezi n'chachinyengo. Koma nambala ya foni siiwalika, imakoperedwa. Wolemba 8 pamalo pa 3 ndiye kuti sanaone. Onse awiri ankadziwa zimenezi.

Mayi Sefa anatembenuza kapepala kaja, n'kukaika m'manja mwa amuna awo. Analankhula motsitsa, kuti a panja asamve.

"Bambo, pepalali mukuliona?"

A Penta analiyang'ana nthawi yaitali. Analitalikitsa, analiyandikitsa. Kenaka anakhala pansi pachitini cha penti.

"Ndikuona kuti ndi pepala," anatero.

"Ndinadziwa kalekale."

"Munadziwa bwanji?"

"Mwana wathu uja, kulongolola kwake mukukudziwa. Anayamba liti kulemba kuti ali bwino basi?"

A Penta anaphimba nkhope ndi dzanja lopaka choko. Mayi Sefa anawamvera chisoni kwambiri, chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, poganiza miyezi yonse yomwe bambo amenewa anakhala akulemba zikwangwani ndi mutu, kungoganizira, akuopa tsiku ndi tsiku, osauza munthu amene amagona naye chipinda chimodzi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Ndiye sukulu ija..." anayamba a Penta.

"Mumayesa ndikufuna kukhala loya?"

Anaseka pang'ono a Penta, kuseka kwa munthu yemwe misozi ili pafupi. "Ndimaopa kuti mukadziwa, muona kuti palibenso chomwe ndikuchita pano. Ntchito yanga m'nyumba muno inali kuwerenga."

"Ntchito yanu ndi dzanja ilo. Ine mzere wowongoka sindingakoke ngakhale mutandipatsa marula khumi. Zilembo zikuluzikulu mukuziona, dzanja silinjenjemera. Tizilembo ta nyererezi ndisiyireni ine. Ndikutchulirani, inu muzilemba. Mukatha tizondotsa, ndisefe. Ndipo Lolemba tikupita kuchipatala cha maso. Musaope kusochera, zikwangwani za kumeneko ndikawerenga ndine."

"Mwayamba kale kulamula."

"Ndinayamba kalekale, kungoti simunkaona."

Nthabwala imeneyo inali yoopsa, ndipo Mayi Sefa anazindikira zimenezo atangoitulutsa. Koma a Penta anaseka zenizeni tsopano, mpaka kutsokomola. Anadzuka, anagwira mbali imodzi ya thabwa, awiriwo n'kuliimika bwinobwino. Anafufuta mzere wachiwiri ndi nambala yonse ndi kansalu konyowa, n'kutola choko.

"Tchulani."

"Ei," anatero Mayi Sefa, monga anaphunzirira kusukulu. "Vi. Ei. Ai. Elo."

"Elo ndiye chiyani? Nenani kuti jombo, timvane."

Anamaliza. Anazondotsa. Mayi Sefa anasefa kuyambira kumapeto mpaka kumayambiriro, osaphonya ngakhale kadontho, ndipo atanena kuti "pakani" ananena ngati woweruza. Penti yofiira inakhudza thabwa. Dzanja la a Penta linayenda mmene limayendera nthawi zonse, mosakayika, M awiri ataima moyandikana ngati mapasa. Pofika masana chikwangwani chinali panja chikuuma, ndipo aliyense wodutsa akanatha kuchijambula mmene angafunire.

A Penta anatsuka mabulashi, anapukuta manja. Kenaka anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa foni. Anaigwira kanthawi, ngati ikulemera, asanaipereke.

"Mwana walemba dzana," anatero. "Sindinakuuzeni, ndinatopa n'kunama. Akuti chiyani?"

Chikwatiranireni, funso limeneli linali lisanachokepo pakamwa pawo kupita kwa akazi awo. Mayi Sefa analandira foniyo ndi manja awiri. Anakhala pachitini china, anaika chala pansi pa mzere woyamba, n'kuyamba. Ankapunthwa, ankabwerera, mawu ena a Chingerezi omwe mwanayo ankasakaniza ankawadumpha n'kudzawatola pambuyo pake. Munalibe nkhani yaikulu. Denga la khitchini likudontha, apongozi abwera kudzakhala sabata imodzi koma mwezi watha, mwamuna wake wayamba kunenepa. Kamwana kake kamera dzino loyamba, ndipo kaluma adokotala chala.

"Kaluma ndani?" anafunsa a Penta.

"Adokotala."

"Kameneko n'kathu," anatero, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Tawerenganinso pa dzinopo."

Mayi Sefa anawerenganso. Atamaliza anaona kuti amuna awo atenga pensulo m'thumba la mabuku lija, ndipo akuinola ndi kampeni kawo kodulira mapepala, osayang'ana n'komwe, zala zokha zikuyeza nsonga. Anaiuzira, anaibwezera m'thumba, n'kupereka thumbalo.

"Nyamukani, mayi, muchedwa kusukulu," anatero. "Mauthenga a miyezi yonse ija sindinafufute. Mukaweruka mudzayambire pa woyamba."